Mabisiketi a Khirisimasi pa mbaula ya ku Songwe

Sabata yatha ndidalonjeza kuti lero tikamba za mbewu ndi mvula yoyamba, koma mundikhululukire awerengi, nkhaniyo idikire kaye. Manja anga akununkhabe majarini ndipo chala changa chamkombaphala chili ndi thuza la moto wa makala. Lolani ndifotokoze komwe ndidalitenga.

Mtsikana wina wa Fomu 3 adandipeza pansi pa mtengo wa mango nthawi yopumula, foni ya achimwene ake ili m'manja. Pafonipo padali chithunzi cha mabisiketi a Khirisimasi a kwa azungu, ena ngati nyenyezi, ena ngati belu, onse atapakidwa shuga woyera, wofiira ndi wobiriwira. "Madamu, zimenezi n'zakudya kapena n'zidole?" Nditamuuza kuti n'zakudya, adaponya funso lina lomwe lidandisowetsa mtendere. "Nanga ife timangolemba m'kope kuti uvuni itenthe madigiri 180, uvuniyo tidzaiona liti?"

Sadaname mwanayu. Ndaphunzitsa Home Economics zaka zingapo, ndipo makeke ambiri omwe ndaphika ndawaphika ndi choko pabolodi. Sukulu yathu ilibe magetsi, ilibe uvuni, ilibe firiji. Ana amaloweza miyezo ya ufa ngati mavesi a Sande sukulu, mayeso akatha n'kuiwala. Tsiku lomwelo ndidamulonjeza kuti tisanatsekere tiphika mabisiketi amenewo, ngakhale pamtima ndinkadziwa kuti ine mwini sindidawaphikepo.

Amene simudafikeko kuno mudziwe kuti Songwe ndi pachipata. Ukawoloka mlatho uli pa Kasumulu, m'dziko la Tanzania, ndipo Kyela ili pafupi kuposa boma lathu la Karonga. Mabisiketi a m'mapaketi omwe ana athu amadya pa Khirisimasi ambiri amawoloka mtsinje womwewu. Ufa wa tirigu nawonso, wa Azam uja, ndiwo wadzaza m'maokala. Choncho mtengo wa mandasi kuno umatsata kusinthana kwa kwacha ndi shilingi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tidaona mandasi akuchepa thupi ngati mwana wodwala malungo. Mu Epulo 2025 maiko awiriwa atakokana pa nkhani ya malonda a zokolola, amayi ochita geni adakhala masiku angapo atagwira m'chiuno pamalire. Ndiye ndikamati tidagula ufa wa tirigu makilogalamu awiri ndi ndalama yosonkherana, musaone ngati nkhani yaing'ono.

Muyezo wake ndi wosavuta: makapu atatu a ufa, kapu imodzi ya majarini, kapu imodzi ya shuga, dzira limodzi, kasupuni kamodzi ka baking powder ndi kamchere pang'ono. Umayamba kutakasa majarini ndi shuga mpaka ziyere, n'kuthira dzira, ufa pomalizira. Madzi ayi. Apa atsikana adatsutsana nane kwambiri chifukwa adazolowera mandasi, ndipo mmodzi ndidamugwira dzanja kapu ya madzi ili kale m'mwamba.

Uvuni tidapanga ya agogo athu. Tidatenga poto wamkulu wophikira phala, n'kuthiramo mchenga wa kumtsinje wokuya ngati zala zitatu, n'kumukhazika pa mbaula. Pamchengapo tidaikapo miyala itatu yaing'ono yosanjikapo mbale ya chitsulo, ndipo pa chivundikiro tidaikapo makala a moto. Makala a pamwamba azichuluka kuposa a pansi, apo ayi pansi papserera pamwamba pakadali paiwisi. Madigiri 180 aja tidawayeza motere: uwaze ufa pang'ono m'mbale, uvundikire, ukapeza wafiirira patatha mphindi zochepa osada, moto wakwana. Pokanda tidagwiritsa ntchito botolo la Fanta. Zodulira zidapangidwa ndi anyamata, omwe poyamba ankaseka kuti kuphika n'kwa akazi. Mmodzi adadula chitini cha mkaka n'kupinda nyenyezi yokongola kwambiri moti kuyambira pamenepo adakana kuchoka pambaula.

Tsiku loyamba zidatikanika, ndisakubisireni. Tidayamba cha m'ma 2 koloko masana, tidaiwala kuti kuno ndi ku Karonga ndipo mwezi ndi Disembala. Majarini adasungunuka tisanamalize n'kukanda komwe. Nyenyezi zathu zitalowa mu uvuni zidafutukuka n'kugwirana manja, tidatulutsa chimkate chimodzi chachikulu ngati chigumu. Mabuku amati mtanda uuike mufiriji kwa ola limodzi. Olemba mabukuwo sadakhalepo ku Songwe.

Chidatipulumutsa ndi mtsuko. Mayi wina wophika phala pasukulupa, yemwe adangoima chapatali n'kumatiyang'ana, adati, "Aphunzitsi, bwanji osaika m'mtsuko ngati madzi akumwa?" Tidakulunga mtanda m'pepala la pulasitiki, n'kuuika m'mbale yoyandama m'mtsuko wa madzi ozizira, kunja kwake titakuta ndi chiguduli chonyowa. Udagona momwemo. M'mawa mwake tidakumana 5 koloko, tambala akadalira, ndipo nyenyezi zidatuluka zili nyenyezi ndithu. Mphindi khumi pambale iliyonse, m'mbali mukangoyamba kufiirira n'kuphula.

Tsono kukongoletsa ndiye padali nkhondo. Phala la shuga lopaka pamwamba lija, lomwe ophika makeke amati icing, limafuna shuga wosalala ngati ufa woyera. Ife tidati tisunge ndalama, tisinje shuga wathu wa Illovo mumtondo. Atsikana adasinja mpaka mapewa kuwawa, tidasefa pansalu katatu, koma shuga wofiirira ndi wofiirira basi. Phala lake lidatuluka la mtundu wa yunifolomu ya khaki, ndipo m'kamwa linkalira ngati mchenga. Dziko lolima nzimbe ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, koma kapaketi kamodzi ka icing sugar tidachita kutuma wakabaza kuti akatiyang'anire kutsidya. Izi zimandiwawa, koma ndi nkhani ya tsiku lina.

Mabuku ena amati usakanize shugayu ndi choyera cha dzira laliwisi. Ine ndidakana. Ndi kutentha kwa kuno, sindingapatse ana a eni dzira losaphika. Tidagwiritsa ntchito madzi a mandimu, dontho ndi dontho, mpaka phala lizitsika pasupuni mwaulesi ngati uchi. Mandimu ali ndi ubwino winanso: amadula kutsekemera, bisiketi siikukola pakhosi.

Pamitundu m'pomwe ana adandiphunzitsa ine. Mankhwala a m'mabotolo osinthira mtundu wa chakudya sitidagule. Mtsikana wafoni uja adabwera ndi chidede chouma cha agogo ake. Tidachinyika m'madzi otentha ochepa, ndipo madziwo atakumana ndi mandimu adasanduka ofiira owala, moti mphunzitsi wa Chemistry adatulukira n'kuyamba kufotokozera ana za asidi pomwepo, phunziro lomwe akuti lidawavuta temu yonse. Chikasu tidachipeza ku binzari wa amayi ogulitsa zokometsera ndiwo pamsika, koma achepe, akachuluka amawawa. Chobiriwira tidayesa ufa wa masamba a chammwamba. Mtundu udabwera, wofooka pang'ono, koma fungo lake lidali la ndiwo zamasamba, ndipo mitengo yathu ya Khirisimasi idatsala m'mbale mpaka madzulo. Amene mukudziwa tsamba lina lobiriwira losanunkha, tilembereni.

Polemba mizere tidathira phalalo m'pepala lomwe mudali shuga, n'kudula kangodya kake. Mfundo ziwiri tidaziphunzira ndi misozi. Yoyamba, bisiketi izizire kaye ndithu, ukapaka ikadali yofunda zonse zimayenderera. Yachiwiri, shuga amakoka chinyontho. Kunja kukachita mitambo, phala limatenga tsiku lonse lisanaume, ndipo nyerere za ku Songwe sizidikira kuitanidwa. Tidaimika miyendo ya tebulo m'zitini za madzi, apo m'pomwe tidapuma.

Titamaliza tidakhala pansi ndi kope kuwerengera. Apa ndipo pali chomwe chandilembetsa nkhaniyi. Ukaphatikiza ufa, majarini, icing sugar, makala ndi wakabaza, bisiketi yathu imodzi idadula kuposa ya m'paketi ya kutsidya. Fakitale sungapikisane nayo pamtengo. Ndidaona nkhope za atsikana zikugwa, chifukwa ena ankayembekeza kuti patchuthi apezerapo ya sopo ndi makope. Tchuthi cha Disembala kuno n'choopsa kwa mwana wamkazi wosowa. Pamalire pamagona madalaivala a mathiraki, ndalama zimayenda, ndipo Januwale aliyense ndikamaitana maina m'kalasi pamakhala dzina limodzi kapena awiri osayankha.

Tidapeza njira ziwiri. Pa makapu atatu a ufa aja, imodzi tidaikapo ufa wa mpunga wosweka, wotsala kuchigayo akamapuntha Kilombero wa ku Kaporo. Uwu ndi wotchipa ndipo uli pakhomo. Mabisiketi adatuluka okhukhuta bwino, onunkhira kuposa oyamba aja. Pambuyo pake ndidawerenga kuti ku Scotland nako ena amathira ufa wa mpunga mu shortbread wawo, ndiye sitidayambe ndife. Tikadapitirira kapu imodzi akadayamba kufumbutuka, chifukwa mpunga ulibe ulimbo womwe umagwirizitsa mtanda wa tirigu.

Njira yachiwiri idachokera kwa mnyamata wa nyenyezi uja. Adati, "Madamu, fakitale ya ku Dar es Salaam singalembe dzina la munthu." Adatenga pepala la phala lofiira n'kulemba dzina la mng'ono wake pabisiketi yozungulira. Zilembo zidapendama, koma aphunzitsi onse omwe adaona adafuna yawo. Wina adaitanitsa zisanu za ana ake, wina ya apongozi. Munthu yemwe amadandaula mtengo wa bisiketi wamba sanyinyirika bisiketiyo ikakhala ndi dzina la mwana wake.

Aphunzitsi anzanga a m'masukulu a kumudzi, ndikudziwa yankho lomwe timapereka tikafunsidwa za kuphika: tilibe zipangizo. Nanenso ndalinena zaka zonsezi, ndipo ndi loona, a unduna ayenera kulimva. Koma poto, mchenga ndi mbaula zidalipo nthawi yonseyi kuseri kwa kalasi yanga. Ndikuvomerezanso kuti makala omwe tidawotcha ndi mitengo ya m'mapiri athu omwe akuyerayera, ndipo ulendo wina tikufuna kuyesa mankhusu a mpunga kapena kuumba uvuni ya njerwa.

Pomwe ndikulemba pano, kope la maoda lili ndi maina 43, ena a Chinkhonde aatali moti sakukwana pa bisiketi imodzi. Atsikana agwirizana kuti aziphika kunyumba kwanga Lachisanu m'bandakucha, Lamlungu azikagulitsa anthu akamatuluka m'tchalitchi. Vuto latsala ndi dzina la gogo wina lomwe lili ndi zilembo 13. Mdzukulu wawo wakana kuti tilifupikitse, ndiye mnyamata uja akufunafuna chitini chachikulu.