Wa mandasi asasirire croissant, atengereko sikelo

M'malo omwera khofi apamwamba ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuseri kwa galasi kumayalidwa tizakudya ta chi French: croissant wopindika ngati mwezi watsopano, éclair wodzaza kirimu, ndi macaron wa ufa wa almond. Kamodzi kokha mtengo wake ungagule mandasi odyetsa banja lonse m'mawa, koma anthu amalipira osanenerera. Ena mwa amayi okazinga mandasi akaona zimenezi mtima umawauza kuti ndalama zili kumeneko. Asanaike mpamba wawo, ayambe adziwa chimene chimadulitsa croissant.

Chachikulu ndi batala. Wophika amakanda ufa wa tirigu ndi yisiti, mkaka, shuga ndi mchere, kenako amakulungamo chibenthu cha batala wozizira. Amautambasula n'kuupinda patatu, kuubweza mufuriji, n'kubwerezanso mpaka katatu. Pomaliza mumakhala mizere 27 ya batala. Muuvuni, madzi a m'batalamo amasanduka nthunzi n'kulekanitsa timapepala ta ufa tija, n'chifukwa chake croissant amayoyoka pomuluma. Ntchitoyi nthawi zambiri imatenga masiku awiri. Batala akangofewa pakati pa ntchito, monga amachitira kukatentha mu Okutobala kapena magetsi akazima, amalowerera muufa ndipo chotuluka ndi banzi wamba wamafuta. Wa mbaula ya makala wopanda furiji yodalirika angotayapo ndalama. Kulowetsa majarini m'malo mwa batala kumachepetsa mtengo ndithu, koma kasitomala wofuna croissant amazindikira pa kuluma koyamba, pomwe wa pamsika sanaufune n'komwe.

Ndiye pali nkhani ya tirigu. Malawi amalima wochepa kwambiri, wambiri amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fulawa amakwera kwa onse, wa patisserie ndi wa mandasi yemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wa patisserie amadziwa tsiku lomwelo kuti chidutswa chilichonse chakwera ndi ndalama zingati. Iye sayeza ndi maso. Ufa, shuga, batala, zonse zimadutsa pasikelo, ndipo croissant wa Lolemba amafanana kukula ndi wa Loweruka.

Apa ndiye pamene mavenda ambiri amaluzira. Ufa amayeza ndi kapu, nthawi zina ndi dzanja, ndipo thumba limodzi la fulawa lero litulutsa mandasi ochuluka, mawa ochepa, mtengo uli womwewo. Mafuta ophikira, makala, mapepala okulungira ndi chiphaso cha msika sizilowa m'kawerengedwe. Madzulo ndalama zimaoneka zambiri m'chitenje, koma pokaoda zimapezeka zaperewera. Zinthu zikathina, ena amangochepetsa mandasi mwakachetechete, ndipo kasitomala, amene si mwana, amasamukira pa beseni la pafupi.

Kasikelo kakang'ono ka kukhitchini ndi kope la sukulu n'zokwanira poyambira. Wogulitsa ayeze kilogalamu imodzi ya fulawa, awerenge mandasi amene atuluke, aphatikize zonse zimene walowetsa n'kugawa ndi chiwerengerocho. Yankho lake ndiwo mtengo weniweni wa mandasi amodzi asanaikepo phindu. Ngati ali ndi chidebe choonekera mkati chokhala ndi chivundikiro, ndi chopanira m'malo mwa zala, aikemo mandasiwo. Galasi la ku patisserie lija ntchito yake ndi yomweyo, kutchinga fumbi ndi ntchentche katundu akuonekabe.