MASAMU A MWANA NDIWO MLONDA WA NKHOKWE

M'midzi ya Mfumu Nyalugwe, monganso m'madera ena a Nyimba ndi Petauke, muli makolo amene amayesa masamu a ku sukulu ngati nchito ya aphunzitsi okha. Mwana akatsegula buku lake madzulo, amuuza kuti aliike pambali akatsekere mbuzi. Cizolowezi cimeneci ciyenera kutha, pakuti mafunso a kuwerenga, a mwayi ndi a ziwerengero amene mwanayo alimbana nawo m'kalasi ndiwo omwewo amene makolo ake akumana nawo kumunda.

Mlimi amene anasunga nshawa za mbeu sadziwa ngati zidzamera. Koma mwana amene anaphunzira za mwayi atha kutapa njere 100, zina pamwamba pa thumba, zina pakati, zina pansi, nazibzala pa kamalo kothirira mvula isanagwe. Zikamera 80, ndiye kuti mwa njere 5 ziri zonse, 4 zidzamera, ndipo mbeuyo ndi yabwino. Zikamera 40 zokha, mbeuyo ndi yakufa. Nkwabwino kudziwa zimenezi mu October, nthawi yofuna mbeu yina ikalipo, kusiyana ndi kudzaona mizere yopanda kanthu mu December.

Cimodzimodzinso ndi funso la avereji. Munda wina utapereka matumba a cimanga 30, 26, 32, 8 ndi 24 m'zaka zisanu, mwana aphatikiza zonse napeza 120, agawa ndi 5 napeza 24. Mtima wa munthu umakumbukira caka ca matumba 32, ndipo ambiri amatenga ngongole ya feteleza akuganizira caka cimeneco. Masamu akuti munda umenewu ndi wa matumba 24, ndiponso kuti caka cimodzi mwa zisanu unapereka 8 okha. Wodziwa zimenezi sagulitsa cimanga conse mwezi womwe wakolola.

Zaka zoipa zotere si nthano. Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca dzinja limenelo cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, kutanthauza maboma oposa 7 mwa 10 ali onse, ndipo cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cinaonongeka. Banja limene linasunga cakudya ca caka capita linapirira njala kuposa limene linagulitsa conse.

Palinso mdani wina amene walowa m'midzi kudzera pa foni, ndiye njuga ya mpira. Masewera amodzi atha kutha m'njira zitatu: kupambana, kugonja kapena kulingana mphamvu. Wolota masewera asanu ali ndi njira 3 x 3 x 3 x 3 x 3, zimene ziri 243, ndipo yolondola ndi imodzi yokha. Masewera akakhala khumi, njirazo zifika 59,049. Mnyamata amene anawerenga yekha cinambala cimeneci m'buku lake sangafulumire kuponya ndalama za thonje kapena za mpendadzuwa m'dzenje lotere.

Boma nalonso silingayende popanda kuwerenga. Kalembera wa 1969 anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni m'Zambia, wa 2010 anapeza oposa 13 miliyoni, ndipo wa 2022, amene anayendetsedwa ndi bungwe la Zambia Statistics Agency, anapeza oposa 19 miliyoni. Anthu aculuka pafupifupi kasanu, koma nthaka ya m'cigwa ca Luangwa iri momwe inaliri. Pa ziwerengero zotere ndi pamene pamadziwika kumene kufunika sukulu, cipatala kapena mjigo. Mudzi wopanda munthu wodziwa kuziwerenga umangomva zonena ena, osatha kudziyankhulira.

Kuyambira January 2022, maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere, cotero cifukwa ca ndalama za sukulu cinacoka. Catsala ndi udindo wa pakhomo. Makolo apatse ana nthawi ndi nyali yoti acitire masamu awo, ndipo awaitane pamene matumba akwera pa sikelo kuti alembe makilo ndi mtengo. Aphunzitsi atenge mafunso awo ku nkhokwe, ku khola ndi ku msika, kuti mwana aone kuti zimene alemba ziri ndi nchito. Anyakwawa nawonso akumbutse anthu awo pa misonkhano kuti mtsikana ayenera kuphunzira masamu monga mnyamata, pakuti amai ndiwo amadziwa tsiku limene ufa udzatha. Akulu anati m'mera mpoyamba: mwana amene aphunzira kuwerenga njere lero ndiye adzasunga nkhokwe ya banja mawa.