Ku Lengwe kukutentha, nanga ndiye tisapiteko?

Abale anga a pagulu pano, sabata ino ndabwera ndi mlandu. Tikamakambirana za ulendo, mayina amakhala omwe aja: Mangochi, Salima, phiri la Mulanje. Wina angotchula Lengwe, ndemanga zimagwa ngati matalala: "Kotentha kuja? Tikaone fumbi?" Chonsecho ena mwa olemba zimenezi ndakatulo zawo zadzaza njati ndi mbawala zomwe anaziona pa DStv.

Lengwe ili ku Chikwawa, kufupi ndi Nchalo. Kuchokera ku Blantyre mumatsetsereka mapiri mpaka pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1928, n'kukhala paki mu 1970, makamaka chifukwa cha boo, nyama yomwe pa Chingerezi amati nyala. Chigwa cha Shire ndiwo malire akumpoto a komwe boo amapezeka mwachilengedwe. Ndi angati pano amene anamuonapo ndi maso?

Kutentha sindikukana ayi. Mvula kumeneko ndi yochepa, ndipo m'chilimwe timitsinje timasanduka mchenga. Koma chilalacho ndicho chimakuonetsani nyama. Mu Seputembala ndi Okutobala madzi amatsala m'maiwe owerengeka, ena ochita kupoperedwa, ndipo pambali pake anamangapo tinyumba tobisalamo. Inu n'kungokhala phee, foni m'thumba. Njiri zimabwera michira ili chiriri, anyani akukangana ngati pa komiti ya maliro, nswala zikunjenjemera ndi kamphepo kalikonse. Kenako boo wamphongo, wakuda motuwira, mizere yoyera m'nthiti, ubweya uli lende kumimba. Wamkazi ndi wofiirira, wopanda nyanga, mpaka mungatsutse kuti ndi mtundu umodzi. Mukapita nthawi ya dzinja chifukwa choopa dzuwa, mukapeza tchire lowirira ndi matope, nyama zitabalalika.

Ena muti ndalama. Pageti Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja, ndipo anthu khumi kusonkherana minibasi si zachilendo kwa ife, paukwati timatha bwanji?

Chimandiwawa kwenikweni ndi ichi: m'zolemba zathu Chikwawa ndi Nsanje zimangotulukira madzi akasefukira, kapena anthu akafola kulandira chimanga. Ngati kuti kumeneko kulibe china. Pitani mukaone minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili biriwiri ndi madzi a mu Shire, pomwe chapafupi pomwepo tchire la paki lili gwaa, midzi ikudikira mitambo. Funso loti madzi amapita kwa yani ndi buku lathunthu limenelo. Wotchera misampha ali ndi mbali yake, mlonda wa paki amene amaionjola ali ndi yake, mayi amene wagwidwa ndi mtolo wa nkhuni nayenso ali ndi yake. Tizimva bwanji tili pa Facebook?

Okutobala akubwerayu ndikufuna mayina mu ndemangamu. Madzi akumwa aliyense asenze ake, malita osachepera atatu, ndi chipewa. Wobwera ndi sipika atsala pa Thabwa.