Nanga woimba alowa liti?

Pa tchuthi chapitachi tinali pa Biriwiri kudikira minibasi. Pakashopu kothirira nyimbo m'mafoni, mnyamata wina anatsegula biti yomwe anakonza yekha pakompyuta: ng'oma yolemera, kagitala kolira chapansipansi. Isanathe mphindi, tinamufunsa kuti, "Nanga woimba alowa liti?" Atati mulibe woimba, tinaseka. Iye anazimitsa.

Tinalakwa. Kuno timayesa biti ndi mphasa chabe yoyalira woimba. Amene anaikonza amangotchulidwa kamodzi koyambirira, basi.

Mu 1996, DJ Shadow wa ku California anatulutsa chimbale chake choyamba, Endtroducing, kudzera ku kampani ya Mo' Wax ya ku London. Iye sanaimbemo. Anatola tizidutswa ta nyimbo m'malekodi akale omwe ankafukula m'sitolo ina ku Sacramento, n'kutilumikiza ndi makina a Akai MPC60. Olemba za nyimbo ku Britain anachiyamikira msanga, pomwe kwawo ku America anadzidzimuka mochedwa. Buku la Guinness linachilemba kuti ndicho choyamba kupangidwa ndi tizidutswa tokhatokha, ndipo mu 2006 magazini ya Time inachiika m'gulu la zimbale 100 zopambana.

Ena amati kumeneku n'kuba. Zoona, kutenga cha mwini osapempha n'kulakwa, n'chifukwa chake kuno tili ndi bungwe la COSOMA. Koma kumva masekondi awiri m'nyimbo yoiwalika n'kudziwa pomwe angakhale bwino ndi luso, ndipo luso limeneli limayambira pa khutu lofatsa.

Chowawa n'chakuti zofukula tili nazo, koma ofukula ndi ena. Hugh Tracey anajambula nyimbo m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Mu 2016 zina mwa izo zinakonzedwanso m'chimbale cha Beating Heart Malawi, ndipo ambiri mwa okonzawo anali akunja, monga gulu la Rudimental. Sitikuwada, pajatu mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mgugu wa mapazi a ingoma ya Angoni uli pakhomo pathu pa Ntcheu. Bangwe, kaligo ndi gitala ya Daniel Kachamba zikudikira yani?

Ife ndife aphunzitsi a mawa. Pa phunziro la Expressive Arts tidzayese kuikira ana nyimbo yopanda mawu kwa mphindi ziwiri, kenaka tiwafunse chomwe amva. Mwana wophunzira kumvetsera sadzaseka mnzake asanamalize.

Tikadzadutsanso pa Biriwiri, tidzamupempha mnyamata uja atsegulenso biti yake, tiimve mpaka kumapeto.