Musataye wailesi yakale chifukwa cha intaneti

M'nyumba zambiri pa Chitakale mpaka ku Limbuli muli mkangano umodzi masiku ano. Ana akuti wailesi ya makaseti ndi ma CD yatha ntchito, choncho bambo agule zoimbira zatsopano zotenga nyimbo pa intaneti. Ine ndikuti abale anga, dikirani kaye.

N'zoona kuti zinthu zasintha. Spotify idafika m'dziko muno mu 2021, ndipo achinyamata ambiri akumvera nyimbo pa Boomplay ndi YouTube. Koma kukoma kwa mawu kumadalira kwambiri masipika ndi ampulifaya. Ngati ziwirizi zidakali zamoyo, gulani kachipangizo ka Bluetooth n'kulumikiza pamalo olembedwa AUX. Foni yanu iyamba kuimbira m'masipika omwewo, pa mtengo wochepa.

Kumbukiraninso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo zedi. Kuonjezera apo, nyimbo za pa intaneti zimadya bandulo ya TNM kapena Airtel, pomwe kaseti ya Lucius Banda kapena Allan Namoko siifuna bandulo. Nyimbo zina zakale sizipezeka n'komwe pa intanetipo.

Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Masipika ena othwanima timagetsi sachedwa kusasa mawu.

Wogula chatsopano akhale yekhayo amene ampulifaya yake idapsa, kapena wailesi idapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Enanu, ndalamayo kaguleni feteleza.