Za Kamtanda ka m'Buku la Misa

Akristu anzathu, potsegula buku la Misa tipeza kamtanda aka ✠ pakati pa mau. Ena ayesa kuti nkokometsera tsamba chabe. Iai, kalipo kukumbutsa wansembe kuti pamenepo adalitse ndi chizindikiro cha mtanda.

Kale osindikiza anali kusunga kamtandaka m'bokosi, koumbidwa ndi mtovu. Koma kompyuta ndi lamya za m'manja sizidziwa mtanda kapena chilembo; zidziwa manambala okha. Chifukwa chache m'chaka cha 1991 akatswiri anatulutsa kaundula wotchedwa Unicode, wopatsa chizindikiro chiri chonse nambala yache. Kamtanda kathu ndi 10016, ndipo ŵ wa m'dzina la Malaŵi ndi 373. Tikalembera mbale wathu wa ku Johannesburg tiri pano pa Bandawe, lamya yathu itumiza nambala, yache nijambulanso mtandawo. Lamya yosaphunzitsidwa maonekedwe ache ingoonetsa kabokosi kopanda kanthu.

Momwemonso mwana wosaphunzitsidwa: aona mtanda, koma mumtima mwache muli kabokosi chabe. Tsono ife makolo, madzulo ano tisanayambe Korona, tigwire dzanja lache, timuuze amene anatifera pamtandapo.