Pochoka pa mwezi, ine ndingadalire mafuta a poizoni

Pa 21 July 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anali ndi injini imodzi yokha yoti iwanyamule pa mwezi. Ikanakana kuyaka, basi, kunalibe wina wokawatenga. N'chifukwa chake mainjiniya anasankha mankhwala amene inu simungafune n'komwe kuwanunkhiza.

Pa mwezi palibe mpweya, ndiye chombo chimanyamula zinthu ziwiri: mafuta, ndi choyatsira mafutawo, chija aphunzitsi a chemistry amachitcha oxidiser. Mafuta a chombo cha Apollo anali Aerozine 50, osakaniza hydrazine ndi UDMH theka ndi theka, ndipo oxidiser anali dinitrogen tetroxide, N2O4. Ziwirizi zikangokhudzana zimabuka moto zokha, osasowa machesi kapena pulagi. Mapampu nawonso munalibe: mpweya wa helium ndiwo unkakankha mankhwalawo. Kungotsegula mavavu, injini yayaka.

Ubwino wina ndi woti zimasungika. Hydrogen kuti akhale wamadzi afunika kuzizira mpaka madigiri 253 pansi pa ziro, okosijeni madigiri 183 pansi pa ziro. Dzuwa likamawomba thanki, madziwo amawira pang'onopang'ono n'kumathawa ngati nthunzi. Pomwe N2O4 amakhalabe wamadzi kuyambira madigiri 11 pansi pa ziro mpaka 21 pamwamba pake. Ndipo kusakaniza kuja sikunali kwachabe ayi. Hydrazine payekha amaundana pa madigiri 2, koma UDMH amalimba mpaka 57 pansi pa ziro, ndiye akakhala pamodzi mafutawo sauma msanga m'mapaipi.

Kuipa kwake kulipo, ndipo si nkhani yocheza. Mu July 1975, utsi wa N2O4 unalowa m'chombo cha Apollo pomwe chinkatsikira m'nyanja, Vance Brand anakomoka, ndipo onse atatu anakagonekedwa m'chipatala ku Honolulu. Othira mafutawa m'thanki amavala zotchinga thupi lonse. Komanso kilogalamu imodzi ya mankhwalawa sikankha chombo kwambiri ngati ya hydrogen ndi okosijeni.

Ndiye m'pomveka kuti SpaceX yasankha methane ndipo Blue Origin yasankha hydrogen pa zombo zawo zopita ku mwezi. Chombo cha Odysseus chinateradi pa mwezi mu February 2024 ndi methane ndi okosijeni wamadzi, koma munalibe munthu, ndiponso sichinafunike kunyamukanso. Kutera ndi nkhani ina. Kudikira masiku angapo pa dzuwa kenako n'kuyatsanso injini ndi nkhani inanso.

Maganizo anga ndi awa: katundu apite ndi mafuta ozizirawo, tiphunzirepo. Koma injini yobweza anthu kwawo ikhalebe ya mankhwala oyaka okha, mpaka zombo zatsopanozi zitaonetsa kangapo, zopanda munthu, kuti zimatha kudikira pa mwezi n'kunyamukanso. India nayo, potsitsa Chandrayaan-3 pa 23 August 2023, inadalira mafuta a banja lomweli la hydrazine.